Mumawerenga chimangirizo cha mwana kapena mumangosaka zolakwa?

Dzulo ndakwiya zedi ndipo mpaka pano mtima sunatsike. Mwana wa mchemwali wanga ali sitandade 6, wabwera kuchokera kusukulu kope la Chichewa atalipinda pansi pa chikwama ngati wabisa chakuba, ndikumufunsa akungoti palibe ankolo, maso ali pansi. Kulitsegula ndapeza chimangirizo, mutu wake "Tsiku lomwe sindidzaiwala", pamwamba alembapo 5 pa 20, tsamba lonse lili psuu ndi bolopeni yofiira ngati pophera mbuzi.

Ndiye ndinakhala pakhonde nkuyamba kuwerenga. Mwanayu walemba za usiku wa namondwe wa Freddy uja, Malichi 2023, nthawi imene ankakhala ku Chilobwe. Akuti madzi ankamveka ngati malole akutsika phiri la Soche, akuti mayi ake anamubereka kumbuyo ngakhale anali wamkulu kale mpaka iye ankachita manyazi, akuti nsapato yake imodzi inatsala m'matope ndipo inzakeyo akuisungabe mpaka lero sadziwa chifukwa chake. Ine munthu wamkulu ndevu pepeya misozi inalengeza. Mwana wa pulayimale kulemba zimenezi, 5 pa 20?? Zoona?

Chimene aphunzitsi aona ndi choti walemba "kwambili" m'malo mwa "kwambiri", walemba "vula" m'malo mwa "mvula", waiwala mpumiro malo angapo, ndime sanazipatule bwino. Basi. Azungulirazungulira zimenezo nkuponya malikisi. Palibe ndi liwu limodzi lomwe loti wayesetsa, palibe loti nkhani yako yandikhudza koma konza apa ndi apa. Nkhaniyo sanaiwerenge, ndikubwereza, SANAIWERENGE, anangoyenda ndi bolopeni kusaka pogwira ngati wapolisi wa pamsewu.

Chondipsetsa mtima kwambiri nchakuti mnzake woyandikana nafe nyumba wapeza 18. Ndinapempha kuona. "Ndinadzuka m'mamawa, ndinasamba, ndinamwa tiyi, tinakwera basi kupita kunyanja, tinasangalala kwambiri." Mwana ameneyu nyanja sanaionepo, ine ndimamudziwa chibadwire, ngakhale ku Mangochi sanapondeko. Anachita kuloweza chitsanzo chimene aphunzitsi analemba pabolodi, ndipo akuti theka la kalasi linapita kunyanja komweko tsiku lomwelo pa basi yomweyo. Chiyambi chilipo, thunthu lilipo, mathero alipo, mwini wake ndiye mulibemo. Woloweza bodza 18, wonena zoona zake 5. Tikuchonga chani kwenikweni? Tikuyesa kuganiza kwa mwana kapena tikuyesa amene amakopera bwino pabolodi?

Musandimve molakwa, sipelo ndi yofunika, r ndi l aziphunzira, zizindikiro za m'kalembedwe aziike, pa mayeso a MANEB a sitandade 8 sakamumvera chisoni. Koma sipelo imakonzeka sabata imodzi. Mwana amene wasiya kukhulupirira kuti zam'mutu mwake nzoyenera kulembedwa mukamukonza ndi chani? Usiku womwewo wandiuza kuti ulendo wina adzangolemba za kunyanja ngati anzake. Mwamva? Mwamuphunzitsa kuti kunama kumakhozetsa. M'mera mpoyamba abale, ndipo m'mera uwu mwaupondaponda ndi bolopeni yofiira.

Ndikudziwa wina abwera apa kuti ana achuluka m'kalasi chiyambire pulayimale yaulere mu 1994, makope mulu, malipiro ochepa. Ndamva. Koma nthawi yozungulira mawu khumi ndi awiri inapezeka, yolemba chiganizo chimodzi pansi pa tsamba ndiye inasowa? Kuona maso a nkhono nkudekha. Werengani kaye mwanayo akuti chani, mukamaliza ndiye tengani bolopeni yanuyo. Malikisi agaweni, ena a nkhani, ena a kasanjidwe, ena a sipelo, mwana adziwe pamene wagwa ndi pamene waima, osati kungomuponyera 5 ngati fupa kwa galu. Ana amenewa akafika sekondale muziti sadziwa kulemba, ku koleji muziti amangokopera pa intaneti, inu nomwe munawayambitsa kukopera ali ndi zaka khumi.

Ndipo makolo nafenso tili ndi vuto, timangoyang'ana nambala pamwamba nkuyamba kukalipa, mchemwali wanga anali atatenga kale kamtengo ndisanamuletse, nkhani ya mwana wake yemwe asanaiwerenge, nkhani yonena za iye mwini atabereka mwana m'matope usiku. Nditamuwerengera anangokhala duu.

Komanso zija zoti ana azibwera masana kudzaphunzira zapadera ndi kandalama m'manja, amene salipira sauzidwa mutu wa chimangirizo chobwera pa mayeso a teremu, zimenezo nazo tidzakambirana. Lolemba ndikupita kusukuluko ndi kope lomweli.