Inu opita ndi agalu ku mapiri a Karwendel, chingwe chikhale m'manja

Ana anga, zithunzi zanu za pa Facebook ndaziona, ndipo zandisowetsa tulo. Wina wajambulitsa ali m'chigwa cha Eng ku Karwendel, manja m'thumba, mano onse pamtunda, galu wake ali uko akununkhiza thole. Kuseri kwa tholelo kukuoneka make atadzutsa mutu, makutu ali njo. Anzake pansi pa chithunzicho akungomuchemerera kuti akudya moyo. Ine ndakhala ku Munich kuno zaka zambiri, koma ndisanakwereko ndege ndinali mbusa wa ng'ombe za agogo anga ku Ntcheu, ndipo ng'ombe yoyamwitsa ikadzutsa mutu chomwecho ndimadziwa chimene ikuganiza. Ndiye khalani pansi mumve.

Mukuti munawerenga kuti agalu amaloledwa kumeneko. Ndi zoona, sindikukana. Karwendel ndi malo aakulu otetezedwa a ku Austria, masikweya kilomita oposa 700, kuyambira kumpoto kwa mzinda wa Innsbruck mpaka kumalire a Germany, ndipo akhala akutetezedwa chiyambire 1928. Kukongola kwake sindingakutsutse; mitengo yoposa 2,000 ya pa chidikha cha Großer Ahornboden ikasintha masamba kumapeto kwa September, ngakhale nkhalamba ngati ine imaiwala kupweteka kwa mawondo. Koma kukuloleza kulowa ndi galu si kukuuza kuti umumasule. Msipu umene mumagonapo pojambulitsa uja ndi busa la eni ake. Alimi amakweza ng'ombe zawo kumapiriko cha m'ma June, amazitsitsa mu September, ndipo nthawi imeneyi ndi yomweyo imene inu mumakhala pa tchuthi.

Ng'ombe ya thole sidziwa kuti galu wanu amagona pa sofa, kuti ali ndi dzina lachizungu, kapena kuti sanalumepo munthu. Imaona mmbulu basi. Kagalu kakang'ono ngati mphaka, kagalu kamantha, zonsezo kwa iyo ndi chilombo chodzagwira mwana wake. Ikayamba imodzi, zinzake zimabwera, chifukwa ng'ombe zimatetezera mathole pamodzi. Ndipo izi si ng'ombe zathu zowonda za mu October zija ayi, izi ndi zimphona zodya msipu wobiriwira, imodzi kulemera makilogalamu 600 kapena kuposa.

Mwina mukuti nkhalamba ikungoopseza. Mu July 2014, ku Pinnistal, chigwa cha ku Stubai kummwera kwa Innsbruck, mayi wina wa ku Germany wa zaka 45 ankayenda ndi galu wake m'njira yodutsa pabusa. Galuyo sanali womasula, anali pachingwe. Koma chingwecho mayiyo anali atachimangirira m'chiuno mwake. Ng'ombe zitayamba kulimbana ndi galu, iye analephera kuchimasula, ndipo zinamupondaponda mpaka kufa. Mlandu unapita kukhoti. Mu 2019 khoti la ku Innsbruck linalamula mlimi kulipira banja la malemuyo chipukuta misozi cha mayuro pafupifupi 180,000 kuphatikizapo ndalama ya mwezi ndi mwezi, ndipo alimi a dziko lonse la Austria anakwiya, ena nkumanena zotseka njira zodutsa m'mabusa awo. Pa apilo khoti linati theka la vutolo linali la mayiyo mwini, chifukwa cha mmene anamangira chingwe ndi mmene anayandikira ng'ombezo, ndipo khoti lalikulu la dzikolo linavomereza zimenezo mu 2020. Chaka cha 2019 chija boma linasintha lamulo kuti mlendo woyenda pabusa nayenso azisenza udindo wake, ndipo linatulutsa malangizo 10 a kayendedwe ka pabusa, amene mumawaona pa zikwangwani nkumangowadutsa. Ndalama zonsezo sizinadzutse munthu.

Ndiye ndikamaona lamba wa m'chiuno uja amene mwatengera kwa othamanga a m'tauni, wokolekapo chingwe cha galu kuti manja azigwira foni, mtima umandiwawa. M'paki ya mu Munich palibe vuto. Pabusa ndi msampha umene wadzitchera wekha. Chingwe chikhale chachifupi, chikhale m'manja, osachikulunga pamkono. Mukaona ng'ombe kutsogolo, makamaka zamathole, zilambalaleni patali ngakhale njira italikirepo, galu ali mbali ya kutali ndi izo. Thole musaligwire, musalipatse chakudya, musaime pakati pa ilo ndi make. Ng'ombe ikayamba kuweramitsa mutu, kupalasa pansi ndi chiboda, kufwenthera mwamphamvu, bwererani pang'onopang'ono osaipatsa msana, osakuwa, osathamanga. Ndipo ikabwera ndithu, tayani chingwe. Ndabwereza: tayani chingwe. Galu ali ndi miyendo inayi, adzaithawa, ndipo ng'ombe idzatsata iye nkukusiyani inu. Mukamunyamula m'manja kuti mumuteteze, mwaiitanira nyanga pachifuwa panu.

Chaka chatha ndinaona ndi maso anga mnyamata wina, si wa kwathu, akutsegula chipata cha waya, nkudutsa ndi galu wake, nkuchisiya pululu. Ndinachitseka ndine, ndi ndodo yanga ndi mawondo angawa. Kwathu mwana wosiya khola lotsegula ankagona ndi njala. Chipata mwachipeza chotseka, chitsekeni.

Tsopano za nyama zakutchire, pakuti ena mumati pamwamba penipeni palibe ng'ombe, ndiye galu atambasuleko miyendo. M'matanthwe amenewo mumakhala Gämse, nyama yodumpha m'miyala ngati chinkhoma, ndi Steinbock, mbuzi yakutchire ya nyanga zikuluzikulu. Mumakhalanso Murmeltier, kanyama konga mbira, kamene kamagona kuuna pafupifupi theka la chaka ndipo kamangokhala ndi miyezi yochepa ya dzuwa yoti kadye nkunenepa. Galu akakathamangitsa, kataya nthawi yodya ndi mafuta amene kakanapulumukira nawo m'nyengo ya chipale chofewa. Mbalame zina zonga nkhwali zimaikira mazira pansi, m'zitsamba zomwe galu wanu amalowetsamo mphuno. Inu mumati "sanagwire kanthu, amangosewera." Nyama yothamangitsidwa sidziwa masewera. Ndipo dziwani kuti malamulo a ulenje ku Austria, m'madera ambiri, amapatsa mphamvu woyang'anira nyama kuwombera galu amene wapezeka akuthamangitsa nyama zakutchire. Mudzalira ndani?

Ili lotsatirali ndi lochititsa manyazi, koma ndinena. Chimbudzi cha galu. Ena simutola nkomwe, mumati ndi manyowa. Ena mumatola bwinobwino m'kajumbo, nkukamanga, nkukasiya pamwala m'mbali mwa njira, ati mudzakatenga pobwerera. Amene anabwerera kudzakatenga sindinamuonepo. Udzu umenewo ndi chakudya cha ng'ombe zimene mkaka wake ndi tchizi chake mumagula pa Eng pomwepo nkumayamikira kukoma. M'chimbudzi cha galu mukhoza kukhala kachilombo kotchedwa Neospora, kamene kamachititsa ng'ombe kupoloza. Mlimi wadikira miyezi 9 kuti aone thole. Nyamulani kajumboko mpaka mutapeza bini, ngakhale kanunkhe m'chikwama. Momwera ng'ombe namonso si mosambitsira galu.

Galuyo mwini muzimumveranso chisoni. Mapiri a Karwendel ndi a miyala ya laimu, madzi amalowa pansi msanga, ndipo kumtunda mukhoza kuyenda maola osapeza kamtsinje. Mtengereni madzi ake. Miyala yoswekasweka ija imacheka mapazi a galu wozolowera kapeti. Mukatsika, mufufuzeni nkhupakupa, nanunso mudzifufuze.

Musaganizenso kuti mapiri onse a Alps ali ndi lamulo limodzi. Ku Swiss National Park, ku Engadin, yomwe inakhazikitsidwa mu 1914, galu saloledwa ngakhale ali pachingwe. Ku Vanoise ku France, pakatikati pa paki, nakonso salola. Ku Gran Paradiso ku Italy amalola m'zigwa ndi m'njira zochepa zosankhidwa. Kwinanso, makamaka ku Switzerland ndi ku France, mudzakumana ndi agalu akuluakulu oyera olondera nkhosa kuti mimbulu isagwire. Amenewo ali pantchito, ndipo galu wachilendo woyandikira nkhosa zawo samuseka. Safunsa anadya phula. Funsani musananyamuke, osati mutafika pachipata galu ali m'galimoto yotentha.

Inu a ku Britain amene mumawoloka ndi agalu anu, mapepala ayambe. Galu akhale ndi kachipangizo ka nambala kapansi pa khungu, katemera wa chiwewe akhale wosatha ntchito, ndipo chikalata cha dokotala wa ziweto chikhale chololedwa kumene mukupitako. Pobwerera ku Britain amafuna mankhwala a njoka zam'mimba operekedwa ndi dokotala pakati pa tsiku limodzi ndi masiku 5 musanalowe. Za chiwewe sindifunika kukuphunzitsani. Tonse tinakulira kumene galu wa thovu kukamwa ankathawitsa mudzi wonse.

M'foni mwanu musunge 140, nambala ya opulumutsa anthu kumapiri ku Austria, ndi 112 imene imagwira ku Ulaya konse. Koma dziwani kuti m'zigwa zina netiweki kulibe.

Ndamva kuti mukukonza zodzanditenga mwezi wamawa kuti tikayende cha ku nyanja ya Achensee. Ndavomera, nsapato ndapukuta kale. Koma ndisanakwere galimoto ndidzayamba ndaona chingwe cha galuyo. Chikadzakhala cha m'chiuno chija, mudzandisiye pageti pomwepo, ndidzabwerera kukamwa tiyi wanga.