Mayi uja sanafunse kumene ufa wachokera

Loweruka lapitali ndinakaonera sewero m'kaholo kena ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, ndipo mpaka lero likundizungulira m'mutu. Ochita ake ndi achinyamata 6 opanda bungwe lowathandiza. Chotchinga chinali zitenje zolumikiza. Magetsi atazima anapitiriza ndi matochi a m'foni.

Nkhani yake ndi ya mayi wamasiye wa ana atatu amene mpamba wake wa tomato unathera pa maliro. Mwana wake wamkazi wa Fomu 3 akuyamba kumabwera madzulo ndi jumbo: lero ufa, mawa shuga, mkuja sopo. Bambo wogula zinthuzo sitinamuone, timangomva hutala panja. Mayiyo analandira jumbo, kuiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kutereka poto pamoto. Sanafunse. Holo yonse inati zii. Amayi ena kumbuyo kwanga anati "mfiti iyi," koma mawu awo akunjenjemera.

Masewero ambiri amene timaona pamsika ndi m'masukulu amalipiridwa ndi mabungwe. Sindikuwanyoza, ena apulumutsa miyoyo. Koma wolipira ndi amene amasankha mathero: wolakwa alape, amfumu alangize, tonse tiombe m'manja. Umphawi umakhalamo ngati chovala chong'ambika basi. Ana a ku Chibaviwa, poti palibe wowalamula, anauonetsa ngati munthu wokhala nawo m'nyumba, amene amayankha mafunso m'malo mwako. Du Chisiza Jr atayambitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata mu 1987 ankadalira ndalama za pakhomo, nthawi imene sewero linkayamba ladutsa ku Censorship Board, ndipo anthu ankadzaza maholo chifukwa ankamva zimene ankaopa kunena okha. Mtima umenewo ndinauonanso Loweruka.

Musandimve molakwa. Zimene zinachitikira mtsikanayo ndi nkhanza, ndi mlandu, ndipo bambo wa hutalayo malo ake ndi kundende. Sindikunenanso kuti osauka alibe khalidwe. Chaka chatha wa sacramento (kabaza wa njinga) wina ananditsatira kuchokera kudepoti mpaka ku Katoto kudzandibwezera foni imene ndinagwetsa. Chimene chimandipweteka n'chakuti kukhulupirika kwakeko kunamudyera chakudya cha sabata yathunthu, pamene ine wolandira pakutha pa mwezi kukhala wolungama sikundichotsera ngakhale tambala. Tikakhala m'tchalitchi n'kumaweruza ogulitsa makala ndi atsikana oima usiku m'tauni, timaiwala kuti mtengo wa chilungamo si umodzi kwa tonse. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anagona pamzere ku ADMARC si ife olankhula kwambirife. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma sananene kuti tizimuseka akatsekula.

Sewerolo linatha mayi akugawa nsima, mtsikana atakhala payekha osadya. Panalibe wolapa, panalibe wolangiza. Anthu anatuluka akukangana, ena akuti mayiyo amangidwe, ena akuti mukanatani inu.

Ndinatsalira pang'ono. Ochita seweroli anakhala pansi kuwerenga ndalama za pakhomo, ndipo zinangokwanira kulipira holo. Mtsikana amene anachita za mayi uja anavula duku, kulipinda bwinobwino, n'kuuyamba wapansi wa ku Mchengautuwa mvula yowaza ikugwa.