Dobadoba wovala suti

Anzanga maloya, musathamangire kundiyankha musanamalize kuwerenga.

Munthu akaba ndalama za boma, kapena akagulitsa minyanga ya njovu ndi nyanga za chipembere, mutu umayamba kumuwawa ndalamazo zitalowa kale m'chikwama. Mamiliyoni otere sungalowe nawo m'banki osafunsidwa kuti wawatenga kuti, ndipo sungagule nawo nyumba ku Area 10 dzina lako lili poyera. Pamafunika munthu wodziwa mapepala. Iyeyo amalembetsa kampani m'dzina la msuweni wakumudzi yemwe sanapondepo ku City Centre, amalemba mgwirizano wa ngongole yomwe sinakhalepo, amalandira ndalamazo mu akaunti ya ofesi yake yosungiramo ndalama za makasitomala, ndipo pakapita masabata zimatuluka ngati malipiro a poloti. A banki, ogulitsa nyumba ndi a MRA amangoona kalata yolembedwa bwino, yosainidwa, ya chidindo. Ntchito yake ndi yomwe ija ya madobadoba a ku Road Traffic, kungoti uyu ali ndi digiri ya malamulo ndipo sakhala padzuwa.

Tonse tikukumbukira 2013. Paul Mphwiyo, yemwe anali mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, atawomberedwa pageti la nyumba yake ku Area 43 mu September chaka chimenecho, zobisika za ku Capital Hill zinayamba kutuluka. Apolisi ankapeza ndalama m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za anthu a malipiro ochepa. Kampani younika mabuku a zachuma ya Baker Tilly itafufuza inapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa kuyambira April kufika September, zina mwa izo zitalipiridwa kudzera mu IFMIS, njira ya pakompyuta yomwe boma limalipirira ndalama, kwa makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse. Wamalonda Oswald Lutepo anamugamula zaka 11 mu 2015 pa nkhani ya K4.2 biliyoni. Tinawerenga mayina a ogwira ntchito m'boma ndi amalonda omwe analowa m'ndende, tinaomba m'manja. Koma ndalama yakuba siyenda yokha kuchoka pa cheke kukasanduka poloti, loji kapena mzere wa malole. Wina amalemba mapepala osinthira umwini. Sinditchula munthu, chifukwa kutchula ndi ntchito ya khoti. Ndikungodabwa kuti funso la amene analemba mapepalawo sitinalifunse mokweza ngati mmene tinafunsira za amene anasainira macheke.

Za nyama zakutchire n'chimodzimodzi. Lin Yunhua, nzika ya ku China, atamugamula zaka 14 kuno ku Lilongwe mu 2021, milandu yake sinali ya nyanga za chipembere zokha, munalinso wobisa gwero la ndalama. Magulu otere sakhala m'tchire. Amachita lendi nyumba m'tauni, amakhala ndi mabizinesi olembetsedwa, amatumiza katundu kunja ndi zikalata zooneka zabwinobwino.

Apa ndiyenera kuchenjera, chifukwa ena mumasokoneza. Loya woimira munthu woganiziridwa mlandu m'khoti sanalakwe kanthu, ngakhale woimiridwayo atakhala kuti tauni yonse imamuda. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa aliyense womangidwa ufulu wokhala ndi womuimira, ndipo tsiku lomwe adzakugwireni popanda chifukwa mudzamufuna loya yemweyo kuti akakupemphereni belo. Amene ndikunena ndi wina: amene amakhala nawo pa tebulo mlandu usanachitike kapena ukuchitika, n'kumalangiza kuti ndalamazi tizidzeretse apa, katundu uyu timulembe m'dzina la uje, wa ku ofesi yakuti ndimuonera ndine. Woimira m'khoti amakumana ndi loya wa boma komanso woweruza. Dobadoba uyu amaonetsetsa kuti nkhani isafike n'komwe kwa woweruza.

Chomwe chimamupatsa mtengo ndi chinsinsi. Lamulo limateteza zokambirana za loya ndi kasitomala wake, ndipo n'koyenera kutero, apo ayi palibe anganene zoona kwa womuimira. Koma chinsinsi chimenechi sanachiike kuti chikhale chovindikira upandu womwe ukukonzedwa. Mu 2016 dziko lonse linaona za Panama Papers, zikalata zoposa 11 miliyoni zochokera ku kampani imodzi yokha ya maloya, Mossack Fonseca, yomwe inkatsegulira anthu makampani obisa eni ake. Kampaniyo inatsekedwa mu 2018. Kwathu kuno sizifuna Panama, ofesi ya zipinda ziwiri ku Old Town ndi chidindo n'zokwanira.

Lamulo tili nalo. Financial Crimes Act ya 2017 inakhazikitsa bungwe lolondoloza ndalama zokayikitsa la Financial Intelligence Authority (FIA), ndipo maloya ali m'gulu la oyenera kudziwa bwino kasitomala wawo ndi kukanena akaona zokayikitsa pogulitsa malo kapena posunga ndalama za anthu. Tili ndi bungwe lothana ndi katangale la ACB, tilinso ndi nthambi ya High Court yoona milandu ya zachuma. Vuto ndimaliona pa kagwiridwe ka maloya osokonekera. Nthawi zambiri loya amaitanidwa kukayankha kwa oona za mwambo wa ntchitoyi chifukwa kasitomala wadandaula: wadya chipukuta misozi cha munthu wovulala pangozi, wasunga ndalama za masiye osapereka. Amenewo azilangidwa ndithu. Koma kasitomala wa dobadoba sadandaula. Ndi wokhutira, amalipira bwino, amabweretsanso anzake. Tikamadikira dandaulo, tidzagwira loya wobera kasitomala wake yekha, wobera limodzi ndi kasitomala sitidzamuona.

Olipira ndife. Mphunzitsi yemwe wasunga kwa zaka sangapikisane pa poloti ya ku Area 49 ndi munthu yemwe sakambirana mtengo, chifukwa chomwe akufuna n'kungoika ndalama penapake. Wamalonda wolipira msonkho amagonja pa tenda ndi kampani yomwe yabadwa mwezi watha. Ndimamveranso chisoni achinyamata ongomaliza kumene maphunziro a malamulo ku Chanco, omwe akuona kuti mnzawo wosaonekera kukhoti ndiye wamanga nyumba yosanja.

A bungwe la maloya la Malawi Law Society amalankhula mwamphamvu boma likaphwanya malamulo, ndipo pa zimenezo ndimawapatsa ulemu. Mphamvu yomweyo ailoze m'nyumba mwawo. Akaunti zosungira ndalama za makasitomala ziziunikidwa mwadzidzidzi, osadikira wodandaula. Ndipo a FIA atiuze poyera, popanda kutchula dzina la munthu: chiyambireni 2017, malipoti a ndalama zokayikitsa ochokera ku maofesi a maloya alandira angati, poyerekeza ndi ochokera kumabanki?