Chenjezo kwa makolo oletsa ana Chichewa pakhomo

Ndikulankhula ndi inu makolo a m'tauni, ku Lilongwe, ku Blantyre, ndi inunso muli ku Joni ndi ku Mangalande. Mwana akangoti "ndikufuna madzi" mukumukalipira ngati watukwana, ati Chichewa chimuwonongera Chingerezi. Lekani zimenezo, ana anga.

Mwezi wathawu ndinali pa maliro kumudzi kwathu. Kunabwera mdzukulu wa malemu, mnyamata wa zaka 12. Agogo ena, mutu uli mbuu ndi imvi, anamuitana kuti amupatse chimanga chokazinga. Mwanayo anangoima njo, natambasula dzanja limodzi, nati, "Iwe, ndipatse." Pasiwa ponse panangoti zii. Mayi ake anati, "Mukhululukireni, sadziwa Chichewa," akumwetulira ngati nkhani yonyaditsa. Ine mtima unandipweteka, pakuti mwanayo alibe mlandu. Chingerezi chimene wakula nacho chili ndi liwu limodzi lokha loitanira mnzako wa mpira, agogo ako ndi amfumu omwe. Ife tili ndi "iwe" ndi "inu". Mwana woleredwa m'Chichewa asanatsegule pakamwa amayamba waona kuti ali patsogolo pakeyo ndani, ndipo mawondo amapinda okha. Nzeru imeneyo amayamwira kubere, saiphunzira pa bolodi.

Nanga za ubale? Masiku ano mwamuna aliyense wamkulu ndi ankolo, mkazi aliyense ndi aanti, ngakhale wogulitsa mandasi pamsewu. Kwathu kuno sitinkasokoneza choncho. Mchimwene wa mayi ako ndi amalume, mwini mbumba, amene amakuimira pa chinkhoswe ndi pa mlandu. Mng'ono wa bambo ako ndi bambo aang'ono. Mlongo wa bambo ako ndi azakhali. Mkulu wa mayi ako ndi amayi aakulu, ndipo ana awo ndi abale ako enieni, ngati a bere limodzi. Mwana wa amalume ndiye msuweni, woseka naye ndi kunyogodolana, ndipo makolo athu ankalola asuweni kukwatirana. Koma mwana wa amayi aang'ono? Malaulo! Tsono mukawaphatikiza onsewa m'liwu limodzi loti kazeni, mwana wanu adziwa bwanji wopalana naye chibwana ndi woyenera kumuopa? Tsiku limene banja lake lidzagwedezeke, adzathamangira kwa yani?

Musandimve molakwa. Chingerezi n'chofunika, mayeso amalemba m'Chingerezi, ntchito amafunsira m'Chingerezi. Boma nalo lakhala likusinthasintha: mu 1968 Chichewa chinakhala chilankhulo cha fuko, mu 1996 anati ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'zilankhulo za kwawo, mu 2014 analengeza kuti Chingerezi chiyambire Sitandade 1. Ndiye ngati kusukulu kuli Chingerezi, pa TV Chingerezi, pafoni Chingerezi, chilankhulo cha amayi ake mwanayo achimvera kuti inu mukachitsekeranso chitseko? Mutu wa mwana si mphika woti ungasefukire. Ana a ku Mangochi amakula ndi Chiyao ndi Chichewa, a ku Karonga ena amalankhula zitatu, ndipo sanasokonezeke. Mawu angawa akupitanso kwa Atumbuka, Alhomwe, Asena ndi Atonga: chanu chomwecho muyankhuleni nacho mwana.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi agogo. Amasunga mtedza ndi nkhuku chaka chathunthu kudikira adzukulu, adzukulu n'kufika, n'kumangoyang'anana ngati alendo a pa basi. Madzulo agogo akuti "Padangokhala," palibe woyankha "Tili tonse." Nthano ya Kalulu ikufera pakamwa.

Sukulu zikatsekera, mwanayo mutumizeni kumudzi, foni isiyeni m'kabati. Asanakwere basi, mukhazikeni pansi mumuuze kuti amene adzamulandire pa siteji si ankolo, ndi amalume ake, ndipo akawapatse moni ndi manja awiri.