Dothi si phula, M5 musatinamize nayo

Dzulo pafupi ndi Benga lole yakhuthula dothi lofiira m'maenje a M5, anyamata n'kusalaza ndi mafosholo, basi akuti msewu akonza. Usiku mvula yagwa, lero m'mawa maenje omwe aja ali yasa, matope ali mbwee. Kukonza kwake n'kumeneku? Dothi si phula abale!

Msewuwu si wa kumunda. Umachoka ku M1 chakufupi ndi Balaka, kudutsa Golomoti ndi Chipoka, kudzakumana ndi M14 pa Kamuzu Road m'tauni ya Salima. Pa Kaphatenga umakhotera kumpoto: Benga, Chia, Nkhotakota boma, Dwangwa, Nkhata Bay mpaka Mzuzu. Ndi wa nthawi ya Kamuzu, wopapatiza, ndipo lero ukusenza mathiraki a shuga wa ku Dwangwa, mpunga, nsomba ndi mabasi a kumpoto. Njanji inafika ku Salima mu 1935 koma sinapitirire ku Nkhotakota, ndiye katundu yense amagwera pa phula lomweli. Mukalithira dothi mukuyembekeza chiyani?

Dzenje limakonzedwa chonchi. Mumadula m'mbali mwake kuti likhale la makona anayi mpaka mutafika pa phula lolimba, mumachotsa matope ndi fumbi lonse, pansi paume gwa. Ngati pansipo pafewa, mumakumba n'kuthiramo miyala yophwanya, kutsendera pang'onopang'ono, osati kukhuthula zonse kamodzi. Kenako mumapaka phula lamadzi kuti chigamba chigwirane ndi msewu wakale, mumathira phula losakaniza ndi miyala, makina n'kupondapo mpaka pafanane. Mukadumpha chimodzi, madzi amalowera m'mphepete mwa chigamba, tayala la thiraki likaponda chimatukuka chonse. Nanga dothi lopanda ngakhale chigamba lingapirire chiyani? Dzuwa likawala ndi fumbi, mvula ikagwa ndi phala.

Akuti ndalama zavuta. Chabwino, koma kufukula ngalande kumafuna khasu ndi fosholo basi. Mitsinje yonse ya kuno, Lingadzi, Bua, Dwangwa, imatsika kumapiri kupita kunyanja ndipo msewu unaipingasa. Makalavati adzaza mchenga, ngalande zamera udzu, anthu alima mpaka m'mphepete mwa phula. Madzi saiwala khwawa. Akasowa podutsa amadya msewu kuyambira m'mbali, ndipo amene anaona madzi osefukira a ku Dwangwa mu February 2024 akudziwa mmene unadukira. Ndiye inu mukubwera ndi lole ya dothi! Kumeneko n'kudyetsa ngalande zomwezo matope ena.

Ndipo milatho yopapatiza ija, yodutsa galimoto imodzi nthawi imodzi, ina zitsulo za m'mbali zinagundidwa kalekale, zikwangwani zochenjeza palibe. Wakabaza akakumana ndi basi usiku pamenepo athawire kuti, m'madzi?