Sheldon anangotsala kugogoda chitseko basi

Abale mwezi uno wonse ndakhala ndikubwereza The Big Bang Theory, sewero lanthabwala la pa TV la ku America, pa laputopu, mphwanga anandiikira masizoni onse 12 mu flashi. Ena mundinyoza koma ndinena ndithu, sewero lija linayenera kuthera pa sizoni 5 kapena 6. Zinazo ndi mkute wongotenthetsa.

Pomwe limayamba mu 2007 Sheldon, mmodzi wa anyamata asayansi a mu seweroli, anali munthu weniweni. Wovuta inde, wodzimva, koma ukamuyang'ana umaona kuti mnyamatayu anthu amamusokoneza mutu ndipo nayenso zimamusautsa. Kugogoda kwake kuja pa chitseko cha neba wake Penny, gogogo Penny, gogogo Penny, gogogo Penny, nditakuona koyamba ndinaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Koma pofika sizoni 9 ndimachita kudziwiratu zomwe zichitike, wina akhala pamalo pake pa sofa, iye ayima njo kumuyang'ana, anthu a mu situdiyo aseka, Penny anena kachipongwe, asekanso, kenako onse akhala pansi kudya zakudya za m'mabokosi zija. Munthu uja anatha, kunangotsala zizolowezi zake zitatu zomwe amazikoka ngati chingamu. Ku Friends, sewero linanso lanthabwala la ku America, zinalinso choncho, Joey anayamba ali mnyamata wosachedwa kupusitsidwa, pofika sizoni 10 anamusandutsa chitsiru chenicheni cholephera ngakhale kubwereza mawu amodzi a Chifalansa.

Olemba sindiwada kwenikweni. Taganizani, ma episodi oposa 20 pafupifupi chaka chilichonse, iliyonse pafupifupi mphindi 20, mpaka anakwana 279. Nthabwala zatsopano ungazitenge kuti zonsezo? Ndiye pali nkhani ya ndalama. Ku America sewero likafika cha m'ma episodi 100 amaligulitsa ku ma TV ena kuti azilibwereza tsiku ndi tsiku, ndipo woonera akhoza kupeza ya sizoni 3 lero mawa ya sizoni 8, akuyenera kumva zonse osafunsa kuti kodi chinachitika n'chiyani. Ndiye chilichonse chimene chasokonekera mu episodi chikuyenera kubwerera m'malo mwake isanathe. Ngakhale elevetala ya m'nyumba mwawo inakhala yowonongeka mpaka kumapeto kwenikweni mu 2019. Komanso mu 2014 Jim Parsons, Johnny Galecki ndi Kaley Cuoco, omwe amasewera ngati Sheldon, mnzake Leonard ndi Penny, anayamba kulandira 1 miliyoni dolazi aliyense pa episodi imodzi. Mphika ukutulutsa ndalama zotere ndani angayerekeze kusintha kaphikidwe?

Nzeru zikawathera njira ndi imodzimodzi, ukwati, mimba, mwana. Mnzawo Howard anakwatira, Leonard ndi Penny anakwatirana, mpaka Sheldon amene, munthu woti kugwirana chanza kokha kumamunyansa, mu 2018 anamupezera ukwati ndi Amy. Sewero la anyamata asayansi osadziwa kuchezera akazi linasanduka la mabanja okangana za khichini ngati ena onse. Chuck Lorre, mmodzi wa omwe anayambitsa Big Bang, ku sewero lake lina la Two and a Half Men, wosewera wamkulu Charlie Sheen atachotsedwa mu 2011, anangolowetsapo Ashton Kutcher m'nyumba yomweyo, galimoto nkumapitabe mpaka 2015.

Chomwe chinandidabwitsa ndi Mr Bean. Tonse tinakula tikumuonera, ine ndimaganiza kuti ma episodi ake alipo mahandiredi, kani alipo 15 okha. Rowan Atkinson, mwini wake Mr Bean, anasiya tisanatope naye, n'chifukwa chake mpaka lero akangotulukira ndi kagalimoto kake kaja ana ndi agogo omwe amagwa nako kuseka.

Big Bang inatha chifukwa Parsons ananena yekha kuti wakwana, apo ayi ndikukhulupirira bwenzi akugogodabe. Nanga si Young Sheldon, sewero la Sheldon ali mwana, anali atayiyamba kale mu 2017. Panopa ndili pa sizoni 11, ndimayiika ndikamasita zovala Lamlungu madzulo ndipo pa sikirini sindiyang'anapo n'komwe, ndimangomvera kuseka kwa anthu a mu situdiyo aja.