Matope amene anadya mzinda wa Ephesus

Abale anga, tikambeko za Ephesus, mzinda uja timauwerenga m'Baibulo kuti Efeso. Ambirife timaudziwa chifukwa cha kalata ya Paulo ndi chipolowe cha pa Machitidwe 19, ndipo nkhani yake timakonda kuidula msanga: anthu ankapembedza mulungu wamkazi Artemis, ndiye mzinda unagwa. Ine zimenezi sindigwirizana nazo. Tikatero timawalakwira anthu amene anavutika zaka mazanamazana kuti mzinda wawo usafe.

Mabwinja ake ali ku Turkey, pafupi ndi tauni ya Selçuk. Anaumanga ndi Agiriki, ndipo unalowa m'manja mwa Aroma mfumu Attalus III ya ku Pergamon itamwalira mu 133 BC n'kuwasiyira ufumu wake wonse. Kenako unadzakhala likulu la chigawo cha Asia. Bwalo la zisudzo limene khamu la chipolowe chija linadzazamo n'kumakuwa maola awiri lilipobe m'mbali mwa phiri, ndipo munkalowa anthu pafupifupi 25,000.

Tsono taonani. Paulo atachoka, mzinda sunagwe ayi, unakulirakulira. Laibulale ya Celsus, imene mlendo aliyense amafuna kujambulitsa pakhomo pake, inamangidwa patadutsa zaka zoposa 50. Kachisi wa Artemis anawonongedwa ndi Agoth, anthu ankhondo ochokera kumpoto, cha m'ma 262, anthu n'kupitiriza kukhala ndi kuchita malonda. Mu 431 mabishopu anasonkhana komweko pamsonkhano waukulu umene unavomereza kuti Maria azitchedwa Amayi a Mulungu, ndipo m'zaka za m'ma 500 mfumu Justinian inamanga tchalitchi chachikulu cha Yohane paphiri la Ayasuluk. Mzindawu unafota uli kale wachikhristu. Ndiye tinene bwanji kuti unafera fano?

Chuma cha Ephesus chinkalowera padoko. Zombo za panyanja ya Aegean zinkatsitsa katundu pamenepo, n'kunyamula wochokera kumtunda. Koma pafupi pomwepo ndi pamene unkathira mtsinje wa Cayster, umene lero amautcha Küçük Menderes. Aliyense amene anaonapo mtsinje utafiira mvula ikagwa akudziwa chimene madzi otere amanyamula. Chaka ndi chaka dothi lokokoloka m'mapiri ndi m'minda linkakhazikika pansi, doko n'kumakwiririka.

Apa ndiye pamene nkhaniyi imandigwira mtima, chifukwa anthuwo sanangopinda manja. Mfumu Attalus II ya ku Pergamon, zaka zoposa 130 Yesu asanabadwe, inalamula amisiri kumanga chipupa m'madzi kuti khomo la doko lichepe, poganiza kuti pakatero pazama mokwanira zombo zikuluzikulu. Strabo, Mgiriki wolemba za malo ndi mbiri, analemba kuti zinayenda mosiyana: matope amene kale madzi ankawatulutsa okha anayamba kutsekeredwa m'kati. Nzeru yabwinobwino, ndalama zambiri, vuto n'kukula. M'nthawi ya Nero, mfumu ya Aroma, bwanamkubwa Barea Soranus anakumbitsa dokolo kuti litseguke, ndipo Tacitus, wolemba mbiri wachiroma, akutiuza kuti ntchito yomweyo inadzakhala m'gulu la zifukwa zimene anamudera nazo ku Rome. Soranus anafa mu 66. Hadrian, mfumu ina ya Aroma, naye anapatutsa mtsinjewo kuti uzikathira kwina.

Chimene ndimachikonda kwambiri ndi lamulo lina lozokotedwa pamwala, la bwanamkubwa Antonius Albus, la cha m'ma 147. Likuletsa amalonda a matabwa ndi miyala kuunjika katundu m'mphepete mwa doko, komanso kuchekera miyala pomwepo, poti fumbi lake linkagwera m'madzi n'kumakwirira doko. Mukamva zimenezi mukuona munthu wa boma amene mutu wamuzungulira, akulimbana ndi ochita bizinesi osamva. Mtsinje sangauletse, ndiye akuletsa chimene angathe. Kwa ine mwala umenewu ukunena zambiri za moyo wa mzindawu kuposa zipilala zokongola za laibulale, zimenenso anachita kuziimika akatswiri pakati pa 1970 ndi 1978 zitagwa kalekale.

Pamapeto pake dothi linapambana. Doko linatsala lolumikizidwa kunyanja ndi ngalande yaitali yopapatiza, malo ozungulira anasanduka dambo, udzudzu unachuluka, malungo n'kubwera. Sindikukana kuti nkhondo zinathandizira, Aluya anauukira mzindawu m'zaka za m'ma 600 ndi 700, ndipo zivomezi nazo sizinausiye. Koma mzinda wokhala ndi doko lamoyo umamangidwanso, monga Ephesus yemweyo anachitira kachisi atawotchedwa ndi munthu wina dzina lake Herostratus mu 356 BC. Wopanda doko ulibe chobwererera. Anthu anasamukira pang'onopang'ono kuphiri la Ayasuluk. Lero msewu wa miyala ya mabo wochokera pabwalo la zisudzo kupita kudoko, wotalika pafupifupi mamita 500, umakathera m'mabango, nyanja ili makilomita angapo kutali.

Abusa athu ndi aphunzitsi a Sande sukulu, ndikupempha mwaulemu: mukamatiphunzitsa za Aefeso, muziwaonetsa ngati anthu enieni, amalonda, osula siliva, okumba matope padoko, osati ngati chitsanzo cha chilango basi. Uthenga wa Paulo sufunika kuuthandizira ndi mbiri yopotoka.

Ngakhale kachisi wa Artemis amene ankawerengedwa pa zodabwitsa 7 za dziko lakale, wa zipilala 127, anasowa pansi pa dothi lomwelo mpaka malo ake anaiwalika. John Turtle Wood, katswiri wa zomangamanga wa ku England wothandizidwa ndi British Museum, anamufunafuna zaka 6 ndipo anamupeza kumapeto kwa 1869 atakumba pafupifupi mamita 6.